Kupanga bokosi la sipika lopindika m'mbali

Mwafunsa mmene mungapindire thabwa osalithyola. Njira yomwe ndimaidalira ndi yomata timatabwa topyapyala pamwamba pa tinzake, osati kukakamiza thabwa lochindikala.

Konzeranitu izi: pulayiwudi wa mamilimita 3, thabwa la mamilimita 18, guluu wa matabwa, malamba omangira katundu, sowo, sandipepa, thonje, mawaya ndi sipika imene.

1. Onani malita a mpweya (kukula kwa malo) amene sipikayo ikufuna m'kati mwa bokosi. Miyeso yonse ichokere pamenepo.
2. Dulani thabwa lapansi, lapamwamba ndi nthiti ziwiri zapakati (matabwa ochirikiza makoma m'kati mwa bokosi), zonse zodulidwa mokhota mofanana m'mbali. Nthitizo muziboole kuti mpweya uzidutsa.
3. Zilumikizeni ku thabwa lakutsogolo, lomwe mwaboola kale malo a sipika.
4. Kutirani pulayiwudi woyamba pa nthitizo. Mizere ya mtengo yooneka pamwamba pake iyime chilili, ndi momwe amapindikira mosavuta.
5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amafulumira, guluu n'kupaka mwa apo ndi apo. Pakani paliponse, kungani malamba kuyambira pakati kupita m'mbali, dikirani maola 24, kenako onjezerani pulayiwudi wina pamwamba pake mpaka akwane 5 kapena 6. Gogodani ndi chala: pomwe pakumveka ngati ng'oma pali mphako, ndipo padzanjenjemera mabesi akagunda.
6. Tsekani mipata yonse ndi guluu kuti mpweya usathawe, n'kuyala thonje m'makoma am'kati.
7. Palani ndi sandipepa, pakani vanishi.
8. Lumikizani mawaya, + ku +, − ku −, ndipo mangani sipikayo.