Momwe mungaphunzitsire uinjiniya ndi kaloboti kopanga okha ophunzira

Ndaona ophunzira ambiri kuno ku Mzuzu akulakatula lamulo la Ohm osaphonya, koma mukawapatsa waya ndi batire, manja amayamba kunjenjemera. Kagalimoto kodziyendetsa kokha, kozemba khoma, kamathetsa mantha amenewa m'masabata ochepa. Kaya mumaphunzitsa ku Mzuni ku Luwinga kapena ku Mzuzu Technical College, yesani motere.

Choyamba, agaweni atatuatatu. Akachuluka, mmodzi ndiye amagwira ntchito, enawo n'kumangoonerera.

Chachiwiri, sonkhanitsani zipangizo: Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono komwe adzalembemo pulogalamu yolamulira kagalimotoko), sensa ya HC-SR04 yoyezera kutalika kwa mtunda, L298N yoyendetsera mamota, mamota awiri ndi mawilo ake. Zinazo musataye nazo ndalama. Mabatire a 18650 amapezeka m'kati mwa mabatire akale a laputopu kwa okonza makompyuta m'tauni, ndipo thupi la kagalimotoko likhoza kukhala kathabwa kapena chivindikiro cha ndowa. Batire lililonse aliyeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Lophwanyika kapena la dzimbiri asaligwiritse ntchito, limatha kuyaka.

Chachitatu ndi sensa, ndipo apa musafulumire. Imatulutsa phokoso la 40 kHz lomwe khutu silimva, n'kudikira kuti libwerere likagunda chinthu, kuyambira masentimita 2 mpaka 400. Pa intaneti adzapeza kuti nthawi yomwe phokosolo latenga kuti libwerere, m'ma microsecond (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi), amaigawa ndi 58 kuti apeze masentimita. Musalole kuti angokopera. Apatseni liwiro la phokoso, mamita 343 pa sekondi, muwakumbutse kuti phokosolo limapita n'kubwerera, 58 ameneyo amupeze okha papepala. Kenako aike njerwa kutsogolo kwa sensa, ayeze ndi rula, afananize. Wina akadzafunsa ngati kuzizira kwa Mzuzu mu Julaye kungasinthe yankho, muuzeni kuti inde, phokoso limayenda pang'onopang'ono mumpweya wozizira, ndipo mumutume akawerengetsere kusiyana kwake.

Chachinayi, mamota. Asalumikize mota mwachindunji ku pini ya Arduino, chifukwa piniyo imakwanitsa 20 mA basi, magetsi ochepa kwambiri oti sangayendetse mota. Mphamvu idutse mu L298N, ndipo GND (mbali ya negativu) ya batire ndi ya Arduino zilumikizane.

Pamenepa ndi pomwe magulu ambiri amakakamira. Wilo limodzi likuzungulira chammbuyo, kagalimoto kakungovina pamalo amodzi, onse atatu akuyang'ana inu. Manja anu akhale m'thumba. Afunseni kuti ayeza chiyani ndipo apeza mavoliti angati. Mukawakonzera, mwawalanda phunziro lenileni, ndipo tsiku lomwe adzatumidwe kukakonza pampu ya sola kumudzi inu simudzakhalako.

Pomaliza, ndandalikani njerwa pansi m'kalasi, kagalimoto kalikonse kadutsemo. Koma malikisi ambiri muwapereke pa kope lomwe gulu linkalembamo vuto lililonse, zomwe linayesa ndi zomwe zinatheka. Aliyense mwa atatuwo afotokoze yekha mbali imodzi ya pulogalamuyo, mbali yomwe mwasankha inu.