Kupanga timetable yoyesa kukumbukira kwa mbewa za mu labu

Poyamba penipeni mudziwe kuti mbewa siidziwa kuti lero ndi Loweruka. Ngati mayeso anu akufuna kuti muiyesenso pakatha maola 24, ndiye ndi maola 24 basi, kaya muli ndi kalasi kaya kuli ukwati wa achemwali anu. Ndiye musayambe ndi kufunsa kuti ndiyamba liti, yambani ndi tsiku lomaliza kenako muziwerenga chobwerera m'mbuyo.

Titenge Morris water maze, chidziwe chozungulira chija chomwe mbewa imasambira kufunafuna kapulatifomu kobisika m'madzi. Ambiri amaphunzitsa masiku 5, ka 4 pa tsiku, ulendo uliwonse osapitirira masekondi 60, kenako mawa lake amachotsa kapulatifomu kuti aone ngati mbewa izizungulirabe pomwe kanali. Mukayamba Lolemba ndiye kuti probe, mayeso ochotsa kapulatifomu aja, ikugwerani Loweruka. Ngati Loweruka simupezeka musanyengerere kuti ndidzapanga Lolemba, pamenepo mwasintha funso lonse, mukuyesa za maola 72 osati 24.

Masiku asanafike amenewo palinso ntchito yomwe anthu amaiwala kuiika pa kalendala. Chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama chikhale chitatuluka kale. Mbewa zikangofika zisiyeni pafupifupi sabata zizolowere malo, kenako masiku 3 mpaka 5 muzizigwira mphindi zochepa tsiku lililonse kuti zizolowere manja anu. Ndipo woyesa akhale yemweyo mpaka kumapeto. Kafukufuku wa ku yunivesite ya McGill ku Canada wa mu 2014 anapeza kuti fungo la munthu wamwamuna limazipatsa mbewa stress, ndiye zobwerekana kuti iwe undigwirire Lachitatu zija ayi.

Pa nthawi ndi pomwe ma student ambiri timagwa. M'chipinda cha mbewa magetsi amayaka maola 12, kuzima maola 12, ndipo mbewa ndi zausiku, masana zimakhala zikugona. Kaya mwasankha kuyesa kukuwala kaya mu mdima ndi getsi lofiira, chachikulu nthawi ikhale imodzimodzi tsiku ndi tsiku, komanso pewani pafupi ndi pomwe magetsi amayaka kapena kuzima. Tsopano pangani masamu enieni. Pa novel object recognition, mayeso oona ngati mbewa ikusiyanitsa chidole chatsopano ndi chomwe inachiona kale, mbewa imodzi imatenga mwina mphindi 10 m'bokosi, kuphatikiza zina 5 zopukuta ndi ethanol wa 70% ndi kudikira aume, ndi kota ya ola imeneyo. Mbewa 24 ndi maola 6, osawerengera theka la ola kapena ola lathunthu loti zikhale phee m'chipinda choyesera musanayambe. Yoyamba mwaiyesa 9 koloko, yomaliza cha m'ma 3 masana inu mutatopa, njala ili pamimba. Bola kuzigawa pawiri, 12 sabata ino 12 sabata yamawa, koma gulu lililonse likhale ndi za mankhwala ndi za control (zosalandira mankhwala, zongofananizira) zosakaniza.

Ine ulendo wanga woyamba ndinayesa za control zonse mmawa, za mankhwala masana, chifukwa makhola anali atasanjidwa choncho pa shelefu. Graph inatuluka yokongola kwabasi, supavayiza anangofunsa kuti ukudziwa bwanji kuti ndi mankhwala osati dzuwa, ndinangoti kukamwa yasa. Miyezi 2 inapita. Panopa ndimasinthanitsa, ya gulu ili kenako ya gulu linalo, ndipo mnzanga amandilembera manambala pa makhola kuti ndisadziwe iti ndi iti. Yomwe yalowa 9:15 lero, mawanso ilowa 9:15.

Ngati mbewa zomwezo zidutsa mayeso angapo, yambani ndi ofewa: open field (kuisiya iziyendayenda m'bokosi lopanda kanthu), Y-maze (tinjira titatu tokumana ngati chilembo Y), zidole zija, kenako madzi, fear conditioning, yophunzitsa mbewa mantha ndi shoko ya magetsi, kumapeto kwenikweni chifukwa mantha ake amakhalitsa. Pakati pake siyani masiku awiri atatu zipumeko.

Kenako pitani mukacheze ndi amene amasamala mbewa, afunseni tsiku lomwe amasintha utuchi m'makhola, chifukwa mbewa ikapatsidwa khola latsopano imasokonezeka, zazimuna mpaka kumenyana. Apempheni asasinthe dzulo lake la mayeso. Chipinda choyesera bukitsani sabata zonse nthawi imodzi, ndipo muonjezere masiku 2 opanda kanthu kumapeto, kamera ija imakana kujambula tsiku lomwe simukuyembekezera.