Masiku Awiri mu London: Mulipira Bwanji pa Basi ndi Sitima Yapansi?

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Manchester, Leeds, Nottingham kapena Glasgow timapita ku London mwa apo ndi apo: kukaona za pasipoti ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kukachingamira mlendo ku Heathrow, ku ukwati, kapena ku maliro. Tikatsika pa Euston, King's Cross kapena Victoria Coach Station, timaima pa makina a matikiti n'kumakanda mutu. Langizo langa ndi ili: ngati muli ndi khadi ya ku banki yakuno yongogunditsa ija, tikiti ya pepala isiyeni. Sankhani khadi imodzi, muyende nayo kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Chifukwa chake ndi mtengo. Mu 2024, ulendo umodzi wa sitima yapansi m'kati mwa Zone 1 (chigawo cha pakati pa mzinda) unali £6.70 ukagula tikiti ya pepala, pomwe wogunditsa khadi ankalipira zosaposa £2.80. Mitengo imasintha, kawirikawiri m'mwezi wa Malichi, koma kusiyana kumeneku sikutha. Pa basi ndiye palibe n'komwe zokambirana, chifukwa kuyambira 2014 mabasi a mu London salandira ndalama ya m'manja. Mlamu wanga atangobwera kumene kuchokera ku Zomba anakwera basi atagwira £20 m'dzanja, akuyembekeza kondakitala woti amupatse chenji. Dalaivala anangoloza kachipangizo kachikasu kali pafupi ndi chitseko, ndipo ndinachita kumutsitsa kuti tikayambe tamugulira Oyster, khadi yolipirira maulendo mu London, pa golosale yapafupi.

Ubwino wa khadi ndi woti bungwe la Transport for London limaika malire a ndalama imene angakudulireni pa tsiku. Mu 2024 malire a Zone 1 ndi 2 anali £8.50. Mukafika pamenepo, maulendo otsala a tsikulo m'mazoni amenewo salipiritsanso, kaya mukwera kasanu kaya kakhumi. Tsiku lawo limayamba 4:30 m'bandakucha. Koma malirewa amawerengedwa pa khadi imodzi, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama osadziwa. Mukalowa ndi foni n'kukatuluka ndi khadi yapulasitiki, ngakhale zonse zili za akaunti imodzi, makina amaona ngati ndinu anthu awiri, aliyense ndi ulendo wosamaliza, ndipo amadula mtengo wokwera kwambiri kawiri. Choncho foni yanu ikakhala yosachedwa kutha moto, yambirani pa khadi. Musagunditsenso chikwama chonse. Tulutsani khadi imene mwasankhayo, kuopa kuti makina angawerenge ina.

Pa sitima yapansi ndi pa sitima zina za mu London za Elizabeth line, DLR ndi Overground, gunditsani polowa ndi potuluka, ngakhale geti itakhala yotsegula. Masiteshoni ambiri a DLR alibe mageti, kachipangizo kamangoima pambali pa masitepe, ndipo munthu wothamangira amakadutsa mosavuta. Pa basi mumagunditsa pokwera pokha. Munthu aliyense wamkulu akhale ndi yake: simungalowe n'kupatsira mkazi wanu khadi yomweyo kuti naye alowere.

Ine ndimakonda basi ndikakhala kuti sindili pa changu. Mu 2024 ulendo unali £1.75 mosatengera kutalika kwake, ndipo pali dongosolo la Hopper limene linayamba mu 2016: mukasintha basi lisanathe ola limodzi chigunditsireni koyamba, simulipiranso. Mukangoyenda pa basi pokha tsiku lonse, malire anali £5.25. Mukakhala m'mwamba, mpando wakutsogolo, mzinda mumauona bwino kuposa muli pansi pa nthaka. Sitima ndiyo imakwera mtengo nthawi ya anthu a ntchito, Lolemba mpaka Lachisanu, 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo.

Nanga Oyster ndi ya ndani? Pogula khadiyi pali ndalama imene sabweza, ndiye kwa munthu amene ali kale ndi khadi ya banki yakuno, pa ulendo wa masiku awiri phindu lake n'lochepa. Koma mlendo wochokera kumudzi mugulireni. Khadi yake ya banki ya ku Malawi ikhoza kukana pa geti, ndipo ikalola, banki yake ikhoza kumudula ina posintha makwacha kukhala mapaundi. Oyster mutha kuikamo ndalama ya m'manja pa makina a pa siteshoni kapena m'magolosale okhala ndi chizindikiro chake. Ophunzira amene ali ndi 16-25 Railcard (khadi yochotsera mtengo wa sitima) apemphe wogwira ntchito pa siteshoni kuti aiike pa Oyster yawo; nthawi yosakhala ya anthu a ntchito mtengo wa sitima umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Makolo, ana osakwana zaka 11 salipira pa basi, ndipo pa sitima yapansi munthu wamkulu mmodzi amene walipira atha kulowa ndi ana mpaka anayi. Dzerani pa geti yaikulu ija, ya anthu a katundu ndi njinga za olumala, kuti isatsekere mwana kumbuyo. Wa zaka 11 mpaka 15 mugulireni Oyster ndipo mupemphe Young Visitor discount pa siteshoni, mwanayo ali pomwepo. Amalipira theka la mtengo kwa masiku 14.

Za ku Heathrow: bwaloli lili mu Zone 6. Sitima yapansi ya Piccadilly line ndiyo yotsika mtengo ngakhale imachedwa, Elizabeth line ndi yokwererapo koma muli malo a masutikesi, pomwe Heathrow Express yopita ku Paddington ndi yodula ndipo siyiwerengedwa pa malire a tsiku aja. Ngati mukungodutsa mu London kuchoka pa siteshoni ina yaikulu kupita pa ina, yang'anani tikiti yanu ya sitima kaye. Ikakhala ndi kachizindikiro konga mtanda, ulendo wa sitima yapansi pakati pa masiteshoniwo munalipira kale, ndipo tikitiyo ndi imene mulowetse pa geti.