Kupanga zithunzi zophunzitsira ndi AI pafoni

Aphunzitsi anzanga, ngati mukajambula mbuzi pabolodi ana amakuwa kuti galu, foni yomwe mumachezerayo ikhoza kukujambulirani. Meta AI, pulogalamu ya kompyuta imene imajambula chithunzi mukailembera zomwe mukufuna, inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2024 ndipo ili mu WhatsApp momwemo, palibe chodawunilodanso. Palinso Bing Image Creator ya Microsoft, yaulere koma imafuna akaunti, Gemini ndi ChatGPT nazonso zimajambula. Ine ndingati yambani ndi ya WhatsApp yomweyo.

Poiuza chithunzi chomwe mukufuna lembani m'Chingerezi, Chichewa imamva mwa apo ndi apo. Ndipo musangoti "market" basi, ikupatsani msika wakunja woyera mbee umene mwana wa kwa Jali sanauonepo. Iuzeni ndani, akutani, ali kuti, wavala chani. Mwachitsanzo: "A Malawian woman in a chitenje selling tomatoes in small heaps on a sack, roadside market, black and white line drawing". Mawu akumapetowo musaiwale, chifukwa chithunzi cha makaka mukachipanga fotokope chimangotuluka chakuda bii, pomwe cha mizere yokha chimaoneka bwinobwino komanso ana atha kupaka okha ndi makrayoni. Chikabwera chosakusangalatsani osayambiranso ayi, ingoiuzani kuti chotsa galimotoyo, mayiyu abereke mwana.

Kenako chiyang'anitsitseni musanapite nacho mkalasi. Werengani zala, onani miyendo ya nkhuku, mateyala a njinga. Zolemba zapachithunzi ndiye imasokoneza kwambiri makamaka za Chichewa, bola kuiuza kuti "no text" nkulemba nokha ndi maka. Koma mapu ndi madayagiramu a sayansi, amenewo ayi ndithu, tengani m'buku. Imatha kukujambulirani mtima wa munthu wokongola zedi koma mitsempha yalowa polakwika, mwana nkuloweza zomwezo mpaka pamayeso a Sitandade 8.

Pomwe imagwira ntchito kwenikweni ndi poyankhulitsa ana. Sitandade 2 mukuphunzitsa "mb", pangani mbuzi, mbale, mbewa, matani pa katoni kuti zisang'ambike, teremu yamawa mudzagwiritsanso ntchito. Ana a makalasi akuluakuluwa apatseni zithunzi zitatu zotsatana, mnyamata akupita kudimba, wapeza ng'ombe zikudya ndiwo, akuzithamangitsa, alembe chimangirizo. Kungoti nkhope ya mnyamatayo imasinthasintha pachithunzi chilichonse, ndiye muzibwereza zovala zomwezo polemba, kabudula ndi malaya amizeremizere, ana azimuzindikira. Ngakhale chotuluka cholakwika chija musachifufute, agawireni m'magulu apeze cholakwika, amalimbirana heve kuwerenga miyendo isanu ya mbuzi, ndipo apo mpamene mumawauza kuti ichi chapangidwa ndi kompyuta, sichinthu chenicheni.

Kalasi ya ana ambirimbiri simungazungulire ndi kafoni, akumbuyo saona kanthu ndipo phokoso lake mudziwanso. Printani pa A4 gulu lililonse pepala lake, kapena ngati ndalama yoprintira palibe koperani ndi dzanja pa tchati mukuyang'ana pafonipo, kukopera nkosavuta kusiyana ndi kujambula za m'mutu. Bandulo nayo imatha msanga ndi zithunzi, ndiye pangani za sabata yonse kamodzi pamene netiweki ili bwino, musunge mu galare.

Zithunzi za ana a mkalasi mwanu musazilowetse mu AI ngakhale mwangofuna kuwasandutsa makatuni, makolo awo sanakuloleni zimenezo.