Momwe mungawerengere ndi kujambula mizere yolumikiza ma class mu UML

UML (Unified Modeling Language) ndi njira yojambulira mapangidwe a pulogalamu ya kompyuta, ndipo class diagram ndi chithunzi chake choonetsa ma class, mitundu ya zinthu zimene pulogalamu imasunga, iliyonse m'bokosi lake. Bokosilo silivuta: dzina pamwamba, ma attribute (zimene imasunga) pakati, ma operation (zimene imachita) pansi. Wophunzira za kompyuta aliyense, kaya ndi wa ku UNZA, ku Evelyn Hone kapena ku ZCAS, amaligwira msanga. Pamene mutu umaima ndi pa mizere ya pakati pa mabokosiwo, wina wodukaduka, wina wa muvi, wina wa kadaimondi kumapeto. Ambiri amangoloweza zizindikirozo usiku wa mayeso. Koma mzere uliwonse ndi chiganizo chonena mmene ntchito inayake imayendera, ndipo chiganizo chimatha kukhala choona kapena chabodza.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yogulitsira matikiti ya kampani ya mabasi a pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, oyenda pakati pa Lusaka ndi Chipata.

Yambani ndi ziganizo

Musatsegule kaye mapulogalamu ojambulira monga draw.io kapena StarUML. Khalani pansi ndi amene amagulitsa matikiti, cholembera m'manja, muwafunse mafunso ooneka ngati achibwana. "Amayi, kodi munthu mmodzi angagule matikiti angati pa ulendo umodzi? Nanga basi ikafa pa Luangwa, matikiti aja amatani?" Mayankho awo alembeni m'ziganizo zazifupi: basi imayenda ulendo, wokwera amagula tikiti, basi ili ndi mipando, dalaivala ndi wantchito. Mayina a zinthu ndiwo adzakhale ma class: Basi, Ulendo, Wokwera, Tikiti, Mpando. Mawu a zochita ndiwo adzakhale mizere.

Jambulani mzere wamba

Mzere wosadukiza, wopanda chokongoletsa chilichonse, ndi association. Umangonena kuti zinthu za mbali ino zimadziwana ndi za mbali inayo kwa nthawi yaitali, moti pulogalamu iyenera kusunga ubalewo. Mu code zimaoneka ngati Ulendo wokhala ndi field (malo osungira) yoloza ku Basi. Lembani mawu a zochita pamwamba pa mzere, monga "imayenda". Mukaika kamuvi kotseguka kumapeto kumodzi, mukutanthauza kuti kuchokera mbali ino mutha kufika mbali imene kamuviko kakuloza: muli ndi Tikiti, mupeza Ulendo wake.

Mabokosi awiri angalumikizidwe ndi mizere iwiri, ndipo apa ndi pamene mayina a kumapeto kwa mzere amagwira ntchito. Ulendo umakhudzana ndi Tawuni kawiri. Kumapeto kwa mzere woyamba lembani "kochokera", kwa wachiwiri "kofikira". Mukapanda kutero, wowerenga sadziwa ngati Chipata ndi koyambira kapena kothera.

Ikani manambala kumapeto onse awiri

Awa ndi multiplicity, ndipo ine ndimaona kuti mphamvu ya chithunzi chonse yagona pamenepa. Zizindikiro zake n'zochepa: 1 ndi chimodzi chokha, 0..1 ndi chimodzi kapena palibe, 1..* ndi chimodzi kapena zambiri, ndipo 0..* kapena kanyenyezi kokha ndi kuyambira palibe mpaka zambiri.

Chimene chimasokoneza anthu ndi mbali yoika nambala. Ikani chala pa bokosi la Basi, nenani "basi imodzi", yendetsani chala pa mzere mpaka kufika pa Ulendo, ndipo nambala ya maulendo a basi imodziyo ilembedwe pomwe chala chafikapo, pafupi ndi Ulendo. Apa ikhala 0..*, kuyambira pa ziro chifukwa basi yongogulidwa kumene, imene ikudikira mapepala a ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, ili m'kaundula wa kampani koma sinayendepo. Kenako bwererani: "ulendo umodzi uli ndi mabasi angati?" Yankho lilembedwe pafupi ndi Basi.

Musafulumire kulemba 1 pamenepo. Ngati kampani imayamba kugulitsa matikiti a nyengo ya Khirisimasi isanasankhe basi yodzayenda tsikulo, ndiye kuti ulendo umakhalapo basi palibe, ndipo nambala yoona ndi 0..1. Kusiyanako kukuoneka kochepa papepala. Mu database, 1 atanthauza kuti malo a basi sangasiyidwe opanda kanthu, choncho kalaliki adzakanika kutsegula ulendo wa pa 23 Disembala, ndipo adzayamba kulowetsamo basi yabodza kuti ntchito iyende.

Tsopano Wokwera ndi Ulendo. Wokwera mmodzi amayenda maulendo ambiri, ulendo umodzi umanyamula okwera ambiri: kanyenyezi uku, kanyenyezi uko. Mukaona zotere dzifunseni kuti mtengo ndi nambala ya mpando zikhala kuti. Si za Wokwera, pakuti mawa adzakhala pa mpando wina. Si za Ulendo, pakuti aliyense ali ndi wake. Ndi za ubale wa awiriwo. UML ili ndi association class, bokosi lolendewera pa mzere ndi kamzere kodukaduka, ndipo Tikiti ingakhale mmenemo. Komabe chenjerani: ambiri amaiwerenga ngati ikunena kuti wokwera mmodzi ndi ulendo umodzi amalumikizana kamodzi kokha. Mayi wopita kumudzi ku Katete ndi ana awiri akagula matikiti atatu pa dzina lake, chithunzicho chaphonya. Njira yopanda mkangano ndi kuika Tikiti pakati ngati class yokwanira payokha: Wokwera mmodzi ali ndi matikiti 0..*, Ulendo umodzi uli ndi matikiti 0..*, ndipo tikiti iliyonse ili ndi wokwera 1 ndi ulendo 1.

Kadaimondi kakuda ndi koyera

Mawu akuti "ili ndi" sakwanira kuti muike kadaimondi. Funso lake ndi ili: chachikulucho chikafufutidwa mu pulogalamu, chaching'ono chitsala? Basi ikachotsedwa m'kaundula, mpando nambala 23 wa basi imeneyo ulibenso tanthauzo, upita nayo limodzi. Iyi ndi composition, kadaimondi kodetsedwa mkati, ndipo kamakhala kumbali ya Basi, ya chachikulu. Lamulo lake n'lakuti gawo silingakhale la eni awiri nthawi imodzi, choncho nambala ya pafupi ndi kadaimondiko ndi 1 kapena 0..1, osati kanyenyezi.

Wina anena kuti mipando ya basi yakufa imazulidwa n'kukapezeka pa khonde la munthu ku Matero. N'zoona, koma chithunzi chanu chikunena za zimene pulogalamu imasunga. Ngati kampani sitsata mipando payokhapayokha ngati katundu wa m'sitolo, composition ndi yolondola.

Kadaimondi koyera ndi aggregation: chachikulu chili ndi zigawo, koma zigawozo zimakhalabe ndi moyo pazokha, monga depoti ndi mabasi amene amagonamo. Anthu amakangana kwambiri pa kameneka, pamene malamulo a UML enieniwo amanena kuti tanthauzo lake lenileni limadalira ntchito ndi wojambula. Mu code simudzaona kusiyana kwake ndi association wamba. Ngati aphunzitsi anu akukafuna pa mayeso, kajambuleni. Ku ntchito, mzere wamba wokhala ndi manambala olondola ukwanira.

Muvi wa makona atatu

Dalaivala ndi Kondakitala onse ali ndi dzina, nambala ya NRC ndi malipiro a pamwezi. Zofananazo zisamutsireni mu class ya Wantchito, ndipo kuchokera pa aliyense wa awiriwo kokani mzere wosadukiza wothera ndi kachizindikiro ka makona atatu kosadetsedwa mkati, koloza kwa Wantchito. Iyi ndi generalization, imene mu Java imalembedwa ndi extends. Muvi umaloza kwa kholo nthawi zonse, ndipo pa mzere umenewu sipalembedwa manambala.

Yesani ndi mawu akuti "ndi mtundu wa". Dalaivala ndi mtundu wa wantchito, zamveka. Mpando ndi mtundu wa basi, ayi. Koma ngakhale chiganizo chimveke bwino, funsaninso ngati chinthucho chingasinthe mtundu. Makondakitala ena amadzatenga laisensi ya PSV yoyendetsera magalimoto onyamula anthu n'kukhala madalaivala. Mu Java kapena C#, object (chinthu chimodzi chopangidwa kuchokera ku class) siisintha class yake ikapangidwa, ndiye mudzakakamizika kufufuta kondakitala uja n'kupanga munthu watsopano, mbiri yake ya ntchito n'kusokonekera. Zikakhala choncho, siyani Wantchito akhale class imodzi, mumulumikize ndi class ya Udindo yokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera.

Mizere yodukaduka

Ilipo iwiri. Wothera ndi makona atatu ndi realization: NjiraYolipira ndi interface (mndandanda wa ma operation osanena kachitidwe kake) yolonjeza operation ya kulipira, ndipo ma class a Airtel Money, MTN MoMo ndi ndalama za pamanja amakwaniritsa lonjezolo, aliyense mwa njira yake. Wothera ndi kamuvi kotseguka ndi dependency: class yosindikiza risiti imalandira Tikiti, kuigwiritsa ntchito kamphindi, n'kuiiwala. Ma dependency musajambule onse, adzadzaza pepala.

Mukakumana ndi manotsi akale okhala ndi kampira kakuda kumapeto kwa mzere m'malo mwa kanyenyezi, amenewo ndi a OMT, njira ya James Rumbaugh. Iyeyu pamodzi ndi Grady Booch ndi Ivar Jacobson anaphatikiza njira zawo ali ku Rational Software, ndipo bungwe la OMG (Object Management Group) linavomereza UML mu 1997. UML imene ikugwira ntchito pano ndi 2.5.1 ya mu 2017. Olemba ndi PlantUML, pulogalamu yosandutsa mawu olembedwa kukhala zithunzi, akumbukire kuti composition ndi `*--`, aggregation ndi `o--`, generalization ndi `<|--`, dependency ndi `..>`.

Bwererani kwa wogulitsa matikiti

Tengani chithunzi chanu, muwawerengere mzere uliwonse mokweza, kupita ndi kubwerera, ngati ziganizo wamba. Iwo sadziwa UML koma bodza alimva. Mukafika pakuti "pa ulendo umodzi, mpando umodzi uli ndi tikiti imodzi", mwina adzakudulani: "Iyayi achimwene, wina akatsikira pa Petauke, mpandowo timaugulitsanso kwa wopita ku Chipata." Pamenepo, pa mzere wa pakati pa Mpando ndi Tikiti, 0..1 ya pafupi ndi Tikiti isanduka 0..*, Tikiti ifunika mizere yake iwiri yopita ku Tawuni, "kokwerera" ndi "kotsikira", ndipo pambali mulembe lamulo m'mabulaketi opindika lakuti matikiti awiri a mpando umodzi pa ulendo umodzi asakumane pa chigawo chimodzi cha msewu.