Momwe Mungayesere Kukhazikika kwa Mndandanda wa Zosankha

Mukagwiritsa ntchito njira monga AHP kapena TOPSIS posanja zinthu zingapo potsata miyeso yambiri, musathamangire kulengeza chomwe chapambana musanayese ngati mndandandawo ungakhale chimodzimodzi zinthu zikasintha pang'ono.

Yambani ndi ziganizo zanu zomwe. Mu AHP, njira imene Thomas Saaty anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1970, zinthu zimayerekezedwa ziwiriziwiri pa sikelo ya 1 mpaka 9. Ngati mwanena kuti mtengo ukuposa liwiro katatu pa kufunika, ndipo liwiro likuposa kulimba kawiri, ndiye kuti mtengo uyenera kuposa kulimba ka 6. Mukalembapo 2, mwadzitsutsa nokha. Saaty analangiza kuti consistency ratio, nambala yoonetsa kukula kwa kudzitsutsa kotereku, isapitirire 0.1, ndipo ikapitirira, bwererani mukaunikenso mayankho anu, osati kungosintha manambala kuti akwane.

Chachiwiri, chomwe ambiri amachinyalanyaza, ndi kuchotsa chinthu chimene chathera pansi pa mndandanda n'kuwerengeranso, kenako n'kuwonjezerapo china chofanana ndendende ndi chimodzi mwa zomwe zilipo. Zotsalazo siziyenera kusinthana malo, koma mu 1983 Belton ndi Gear anasonyeza kuti mu AHP zimatha kutero, chifukwa mphambu ya chinthu chilichonse imagawidwa ndi chiwonkhetso cha zonse, ndiye chatsopano chikalowa magawo onse amasuntha. TOPSIS, ya Hwang ndi Yoon ya mu 1981, imene imasanja zinthu poona kuyandikira kwake ku chabwino koposa ndi kutalikira kwake ku choipa koposa, ili ndi vuto lofananako, popeza mlingo wa chabwino koposa ndi wa choipa koposa imautenga pa zinthu zomwe zili pa mndandandapo. Kukhazikitsiratu milingo iwiriyi musanayambe kuwerengera kumathandiza kuchepetsa vutoli.

Mukatero, kwezani ndi kutsitsa pang'onopang'ono kulemera kwa muyeso uliwonse, kutanthauza kufunika komwe mwaupatsa, n'kulemba pamene chomwe chinali choyamba chataya malo ake.

Pomaliza sanjani zinthuzo ndi njira ina, monga PROMETHEE, ndipo muyerekezere mindandanda iwiriyo pogwiritsa ntchito muyeso wa Spearman, umene umaonetsa kufanana kwa mindandanda iwiri, kuyambira pa -1 (yotembenuka kotheratu) kufika pa 1 (yofanana ndendende). Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa pa zinthu 10, ngati choyamba ndi chachiwiri zokha zasinthana malo, muyesowu umapereka pafupifupi 0.99, chonsecho wopambana wasintha. Zikatero, lembani mu lipoti kuti ziwirizo zikulingana, ndipo mutchule muyeso umene ukuzisiyanitsa, monga mtengo kapena liwiro, kuti opanga chiganizo akambirane za umenewo.