Kauvuni ka magetsi ka pa tebulo: kagulidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake kuno ku Salima

Mwezi wa Okutobala kuno ku Salima, kukhala pambali pa mbaula masana ndi chilango. N'chifukwa chake ndinagula kauvuni ka magetsi, kaja kokhala pa tebulo ka chitseko cha galasi. Ndineneretu: nsima sikaphika, nyemba sikaphika, choncho mbaula yanu musataye. Ntchito yake ndi zakudya zochepa, monga chambo ziwiri, masikono a tiyi wa mmawa, mtedza, kapena kutenthetsa nkhuku yotsala dzulo.

Musanapereke ndalama, katembenuzeni muwerenge kapepala komatidwa kumbuyo kapena pansi pake. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndiye pazilembedwa 220–240V. Mukaona 110V kapena 120V, kameneko n'kopangira magetsi a ku America, kasiyeni ngakhale katchipe bwanji, chifukwa kadzangopsa tsiku loyamba lomwe. Zotere zimapezeka pa katundu wakale wochokera kunja, kapena wotumiziridwa ndi achibale. Onaninso pulagi. Masoketi athu ndi a mano atatu ophwatalala, pomwe katundu wochokera ku Joni amabwera ndi mano obulungira. Zotokosa soketi ndi kamtengo kuti pulagi ilowe zija, pa chinthu chotentha ngati ichi ayi. Pezani wa magetsi akuikireni pulagi yoyenera ya fyuzi ya 13A.

Pa kapepala komweko palinso nambala yothera ndi W, ndipo imeneyi ndiyo ikuuzeni za mayunitsi. Timauvuni tambiri tili pakati pa 1000W ndi 1500W. Yunitsi imodzi ndi 1000W kwa ola lathunthu, kotero ka 1200W kakayaka mphindi 30 sikapyola mayunitsi 0.6. Kawirikawiri kamadya ochepera pamenepo, poti kakatentha mokwanira kamadzizimitsa n'kumadziyatsanso kokha. Amene mumadalira sola ya pakhomo, ija yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni, kauvuni sikanu: batire ndi inveta yaing'ono sizingakanyamule. Za kukula kwake, ka malita 9 n'ka buledi ndi masikono basi. Ngati mukulingalira za chambo kapena nkhuku yoduladula, yang'anani ka malita 20 kupita m'mwamba.

Mwafika nako kunyumba. Kapezereni malo pafupi ndi soketi ya pakhoma kuti kalowe pa iko kokha. Soketi imodzi imanyamula pafupifupi 3000W, ndiye mukaphatikiza kauvuni ndi ketulo ya 2000W pa ekisitenshoni imodzi mwapyola kale, ndipo mawaya a maekisitenshoni otchipa a pa msika amasungunuka musanafike n'komwe pamenepo. Siyani mpata wokwana chikhatho kumbuyo ndi m'mbali, kutali ndi katani, pamalo poti mwana sangafikire. Pamwamba pake musaikepo kanthu. Ine ndinaikapo buledi ali m'jumbo, ndipo zilembo za jumboyo zilipobe mpaka lero.

Musathamangire kuikamo chakudya. Tsukani thireyi ndi kawaya koikapo zinthu, ziume, kenako kayatseni kopanda kanthu kwa mphindi 15 pa moto waukulu kwambiri, mawindo ali otsekula. Kamatuluka kafungo ndi kautsi pang'ono. Amenewo ndi mafuta a ku fakitale akupsa, musadabwe nazo.

Zopotokola zake nthawi zambiri zimakhala zitatu. China ndi cha kutentha, china n'chosankhira moto wa pamwamba, wa pansi kapena onse awiri, ndipo chachitatu ndi cha nthawi, chomwe chimalira kabelu ikakwana. Pa timauvuni tambiri moto suyaka mpaka mutapotokola cha nthawicho, ndipo alipo amene anabweza katundu wabwinobwino kusitolo poganiza kuti ngwakufa. Manambala akakhala ndi F, dziwani kuti 350°F ndi pafupifupi 180°C, pomwe 400°F ndi pafupifupi 200°C.

Tsopano chambo, poti ndicho ambirife tikagulire. Mwagula ziwiri zaziwisi ku Senga Bay. Palani mamba, chotsani matumbo, tsukani, kenako zipukuteni ndi kansalu koyera mpaka ziume. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: nsomba yonyowa siwotcheka, imangofwafwaza m'madzi ake ngati yophika mumphika. Chekani mizere itatu mbali iliyonse mpaka mpeni ugunde munga, pakani mchere, adyo wosinja, madzi a ndimu ndi mafuta supuni imodzi, mulowetse ndithu m'mizeremo. Zisiyeni zikolere pamene kauvuni kakutentha pa 200°C, moto wa pansi ndi wa pamwamba, kwa mphindi zosachepera zisanu. Pakani mafuta pa thireyi, kapena yalani foyilo koma isakhudze zitsulo zotenthetsa za mkatimo. Ikani pakatikati. Chambo yapakati imapsa pa mphindi 20 kapena 25, ndipo mphindi zisanu zomaliza siyani moto wa pamwamba wokha kuti khungu lichite gwaa. Lasani ndi foloko pafupi ndi mutu pomwe pali mnofu wochindikala: ukamachoka wokha ku munga, uli woyera, nsomba yapsa. Kampango wodula zidutswa mumachita naye chimodzimodzi, kungoti ali ndi mafuta ake kale, musaonjezere ambiri.

Masikono amafuna 200°C kwa mphindi 12 mpaka 15. Poti mkatimo ndi mopanikizika, moto uli pafupi kwambiri ndi chakudya, ndipo pamwamba pamafulumira kupserera mkati musanapse. Mukaona kufiira kwachuluka msanga, phimbani ndi foyilo, ndiponso tembenuzani thireyi nthawi ikafika theka, chifukwa kumbuyo kumatentha kuposa ku chitseko. Mtedza yalani mosasanjikiza pa 160°C, muzitakasa pakapita mphindi zisanu zilizonse, ndipo musachoke pamalopo. Mbatata yathunthu imapsa bwino, inde, koma imatenga mphindi 40 kapena kuposa. Ine imeneyo ndimakwirira m'phulusa la mbaula ndikamaliza kuphika nsima, mayunitsi anga apume.

Nanga magetsi akathima nsomba ili mkati? Zimachitika ndithu, ngakhale kuno komwe kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa okwana 60MW ku Nanjoka, amene anatsekulidwa mu 2021. Bwezerani zopotokola zonse pa ziro n'kuzimitsa pa soketi, kuti magetsi akabwera usiku kasayake kokha inu mutagona. Chenjeraninso ndi kabelu kaja: pa timauvuni tambiri cha nthawicho chimayendera sipuling'i, ndiye chimalirabe ngakhale moto unazima kalekale. Musatsekule chitseko kwa mphindi zingapo kuti kutentha kotsalako kugwire ntchito, kenako onani. Ngati ndi nkhuku ndipo pafupi ndi fupa pakutulukabe madzi ofiira, kamalizireni pa mbaula.

Pomaliza kuphika, zulani pulagi, kazizire, mutulutse kathireyi ka pansi kogwera nyenyeswa. Mukamakaiwala, nyerere ndi mphemvu zimasamukira momwemo, ndipo mafuta ounjikana ndiwo amayaka moto. Utabuka moto mkati, chitseko musatsekule ndipo madzi musathire, ingozimitsani pa soketi, uzima wokha posowa mpweya. Popukuta gwiritsani ntchito nsalu yonyowa ndi sopo pang'ono, osakwecha zitsulo zotenthetsa. Thireyi iume kaye musanaibwezere, apo ayi chinyezi cha m'mbali mwa nyanja chiichititsa dzimbiri. Fungo la nsomba likakanirira, tenthetsani madzi okhala ndi makoko a ndimu m'kambale ka chitsulo kwa mphindi khumi, kuti masikono a mawa asamveke chambo.